Ku Shamva, Kwa Zidzukulu za Machona

Msewu wochokera mumzinda wa Harare kupita ku Shamva ndi wa makilomita pafupifupi 90. Umayambira mumsewu wa ku Mutoko, womwewo umene mabasi a ku Blantyre amadzera polunjika kuchipata cha Nyamapanda, koma usanapite patali umapatukira kumanzere n'kuyamba kutsetserekera m'chigwa cha mtsinje wa Mazowe. Amalawi ambiri obwerera kumudzi kuchokera ku Joni amadutsa pa mphambano imeneyi akuwodzera m'basi, osadziwa kuti kuseri kwa mapiri ali kumanzerewo kuli abale awo.

Dziko lake n'lokongola ndiponso lachonde. Nthaka ndi ya katondo, minda ndi ya chimanga, fodya, soya ndi thonje, ndipo mapiri ake avala miyala ikuluikulu yosanjikizana. Koma ukamayandikira tauni ya Shamva, maso amayamba kuona china. M'mbali mwa mapiri ndi m'magombe a mitsinje muli maenje osawerengeka ndi milu ya dothi lofukulidwa kumene. Madzi a m'makwawa ndi ofiira ngati phala la mawere. Kumeneku ndi kwa anthu okumba golide paokha, amene Ashona amawatcha makorokoza. Pakati pawo pali anyamata amene ndevu sizinamere, ndipo m'mphepete mwa maenjewo muli atsikana ogulitsa nsima, zitumbuwa ndi zakumwa, ena atabereka ana kumbuyo pamene iwo eni akanayenera kukhala ali m'kalasi.

Phiri limene linaitana makolo athu

Shamva ili m'chigawo cha Mashonaland Central, makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Bindura, likulu la chigawochi. Atsamunda anayamba atcha malowa Abercorn, dzina limenenso anapatsa tauni ya Mbala ku Zambia, ndipo pambuyo pake dzina la Shamva ndi limene linakhazikika. Taunikayi inamera chifukwa cha phiri limodzi la golide, ndipo njanji yochokera ku Harare kudzera ku Bindura inathera pomwepa.

Mgodi umafuna manja, ndipo manja ambiri anachokera ku Nyasaland. Msonkho wa nyumba utawapana, amuna a ku Dedza, Ntcheu, Mangochi, Nkhata Bay ndi maboma ena ankayenda wapansi kudutsa m'dziko la Apwitikizi, kuoloka Zambezi, mpaka kufika m'migodi ya ku Southern Rhodesia. Ena anatengedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesian Native Labour Bureau, limene ntchito yake anthu ankaitcha chibalo. M'zaka zotsatira kunabwera malole a Ulere ndi maofesi a Mthandizi. Mmodzi mwa anthu amene anagwirapo ntchito ya ukalaliki pa mgodi wa Shamva anali Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene m'chaka cha 1919 anakayambitsa bungwe lotchuka la apantchito la ICU mumzinda wa Cape Town.

Mu Seputembala 1927 dzina la Shamva linamveka dziko lonse. Antchito a pa mgodiwu okwana pafupifupi 3,500 ananyanyala ntchito kwa masiku angapo pofuna malipiro abwino, ndipo amene anali patsogolo anali amuna a ku Nyasaland. Boma la atsamunda linathetsa sitalakayo ndi mphamvu, koma akatswiri a mbiri yakale monga Ian Phimister ndi Charles van Onselen amaiwerengera ngati imodzi mwa masitalaka akuluakulu oyambirira a anthu akuda m'dzikolo.

Ambiri mwa amuna amenewa sanabwerere kumudzi. Kwathu tinawatcha machona. Anakwatira, anabereka, anaikidwa m'manda a pa komboni. Mbiri yawo yalembedwa ndi Anusa Daimon komanso Zoë Groves, amene buku lake la m'chaka cha 2020 limalondola mapazi a machona kuyambira 1900 mpaka 1965. Mbiri ya amunawo tsono ikudziwika. Nkhani imene ikufunika kuimva bwino lero ndi ya zidzukulu zawo zazikazi.

Moyo wa pa komboni

M'makomboni a m'migodi ndi m'mafamu a ku Shamva ndi Bindura, Mmalawi sachedwa kumva kuti wafika pakati pa anthu akwawo. Maina ndi a Phiri, Banda, Mwale, Mbewe. Pali mizikiti ya Ayao, pali mipingo ya CCAP, ndipo pa maliro ndi pa zisangalalo pamatuluka Gule Wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure. Agogo amakulonjera m'Chichewa chakale, chosakanikirana pang'ono ndi Chishona. Adzukulu awo amayankha m'Chishona, ndipo ambiri a iwo sanapondepo ku Malawi.

Komboni si mudzi. Kumudzi munthu ali ndi munda wa makolo, ali ndi mfumu, ali ndi amalume ndi azakhali oyang'anira mbumba. Pa komboni nyumba ndi ya kampani, ndipo ntchito ikatha, nyumba nayo imagwedera. Kulanda mafamu kumene kunayamba m'chaka cha 2000 kunasiya antchito ambiri a m'mafamu opanda ntchito ndi pokhala, ndipo poti ankaonedwa ngati alendo, ochepa okha ndi amene anapatsidwako malo. Migodi nayo yakhala ikutseka ndi kutsegula. Wa nickel wa Madziwa unatsekedwa, ndipo nyumba zake zinasanduka sukulu yophunzitsa aphunzitsi. Wa Trojan ku Bindura unaima m'chaka cha 2008, unatsegulidwanso mu 2012, n'kuimanso mu 2023. Wa golide wa Shamva unaima mu 2019 ndipo unayambiranso m'manja mwa eni ake atsopano mu 2020. Nthawi iliyonse mgodi ukaima, mphika umazizira m'mabanja mazanamazana.

Pamwamba pa umphawi pali vuto la makalata. Lamulo la unzika la m'chaka cha 2001 linachititsa kuti anthu ambiri obadwira m'Zimbabwe, koma makolo awo ali ochokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, ataye unzika. Malamulo aakulu a dziko a m'chaka cha 2013 anakonza zimenezi: anavomereza kuti munthu wobadwira m'dzikomo kwa kholo lochokera m'dziko la m'bungwe la SADC ndi nzika, ndipo anaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Komabe lipoti la bungwe la Amnesty International la mu 2021 linasonyeza kuti anthu ambiri anali akadali opanda chiphaso chilichonse. Mayi wopanda chitupa amavutika kulembetsa mwana wake, mwana wopanda kalata ya kubadwa amavutika kulemba mayeso a Giredi 7, ndipo mtsikana amene sukulu yamuthera pamenepo amatsala ndi zaka zambiri zopanda chochita asanakhwime.

Zimene kafukufuku wapeza

Chiwerengero cha boma chimatsimikiza zimene maso amaona m'mbali mwa msewu. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa m'chaka cha 2015 anapeza kuti pa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'Zimbabwe, 22 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. M'chigawo cha Mashonaland Central anali 31, kuposa zigawo zina zonse. Kafukufuku wina wa mu 2019, wotchedwa MICS, anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18, ndipo m'chigawo chino chiwerengerocho chinali pafupifupi theka. M'chaka cha 2023 bungwe la kafukufuku la CeSHHAR Zimbabwe, mothandizidwa ndi UNICEF, UNFPA ndi UNESCO, linaunika mabuku a m'zipatala ndipo linapeza kuti mwa amayi onse amene anayamba sikelo pakati pa 2019 ndi 2022, 21 pa 100 alionse anali a zaka 10 mpaka 19.

Awerengi a ku Malawi asaone ngati izi n'zachilendo. Kafukufuku wathu wa 2015 mpaka 2016 anapeza atsikana 29 pa 100 alionse a msinkhu womwewo atayamba kale uchembere, ndipo amayi achitsikana 42 pa 100 alionse anakwatiwa asanafike zaka 18. Mdzukulu wa mchona ku Shamva ndi msuweni wake wa ku Dedza akuyenda njira imodzi, ngakhale sadziwana.

Kuopsa kwa mimba ya mwana n'kodziwika bwino kwa azachipatala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti atsikana a zaka 10 mpaka 19 ali pa chiopsezo chachikulu, poyerekeza ndi amayi a zaka 20 mpaka 24, chodwala matenda a kuthamanga kwa magazi kofika pokomoka nako, ndiponso matenda ogwira chiberekero akangobereka. Ana awo kawirikawiri amabadwa masiku asanakwane kapena ali onyentchera. Mafupa a m'chiuno akakhala osakhwima, mwana amakanirira panjira, ndipo mayi akachedwa kufika kuchipatala kumene angachitidwe opaleshoni amatha kung'ambika chikhodzodzo n'kutsala ndi matenda a fistula. Choipa china n'chakuti mtsikana amabisa mimba chifukwa cha mantha ndi manyazi, kotero amayamba sikelo mochedwa, zizindikiro zoopsa zitapita kale patali.

Dera la migodi lili ndi chiopsezo chakechake. Okumba golide paokha amagwiritsa ntchito mankhwala a mercury polekanitsa golide ndi dothi, kenaka amawotcha msanganizowo kuti mercury auluke. Utsi wake ndi poizoni, ndipo mercury amadutsa m'thupi la mayi n'kukaononga ubongo wa mwana wosabadwa. Mtsikana woyembekezera amene akuphika nsima pafupi ndi moto umenewo sadziwa chimene akupuma. Palinso ndalama ya golide yomwe. Imabwera mwadzidzidzi, m'madola a ku America, m'manja mwa mnyamata amene mawa adzakhala atasamukira ku dzenje lina. Kwa mtsikana amene kwawo agona ndi njala, mwamuna wotere amaoneka ngati mpulumutsi, ndipo pokambirana za kondomu mawu a mwini ndalama ndi amene amamveka.

Phunziro la m'zipatala 16

Chimene chimaika Shamva m'mabuku a akatswiri a zaumoyo padziko lonse si mavuto okha. Kuno kunachitika kafukufuku amene anasonyeza njira. M'chaka cha 2004 mumzinda wa Harare munayamba ntchito yotchedwa Zvandiri, mawu a Chishona otanthauza kuti monga momwe ndiliri. Maziko ake ndi akuti wachinyamata amene ali ndi kachilombo ka HIV amamvera bwino mnzake amene alinso nako. Achinyamata a zaka 18 mpaka 24 amene akumwa ma ARV amaphunzitsidwa uphungu n'kuikidwa m'zipatala kuti azithandiza ang'ono awo.

Pofuna kudziwa ngati njirayi imagwiradi ntchito, akatswiri otsogoleredwa ndi Webster Mavhu anasankha zipatala zazing'ono 16 za m'maboma a Bindura ndi Shamva. Anachita maere: zipatala 8 zinapitiriza kupereka chithandizo cha masiku onse, zipatala 8 zinaonjezera aphungu achinyamata aja. M'zaka za 2016 ndi 2017 analembetsa achinyamata 500 a zaka 13 mpaka 19 amene ali ndi kachilomboka. M'zipatala za Zvandiri achinyamatawo ankalandira mauthenga a pa foni owakumbutsa kumwa mankhwala, ankayenderedwa kunyumba, ankakumana m'magulu mwezi ndi mwezi, ndipo makolo kapena owalera nawonso anali ndi misonkhano yawo.

Patatha masabata 96 magazi awo anayezedwa. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2020 m'magazini ya The Lancet Global Health, zinali zakuti m'zipatala za chithandizo cha masiku onse, achinyamata 36 pa 100 alionse anali atamwalira kapena tizilombo tinali titachuluka m'magazi mwawo, pamene m'zipatala za Zvandiri anali 25 pa 100 alionse. Mankhwala anali amodzimodzi mbali zonse ziwiri. Chimene chinasiyana ndi chakuti mbali imodzi kunali munthu wa msinkhu wawo wowafunsa chifukwa chimene adumphira mankhwala, popanda kuwakalipira. Njirayi inadya ndalama zambiri kuposa chithandizo cha masiku onse, ndipo ili ndi funso limene maboma ayenera kuliyankha poika ndondomeko za chuma. Koma phindu lake limapitirira munthu mmodzi: mtsikana amene tizilombo tachepa kwambiri m'magazi mwake sapatsira mwamuna wake, ndipo mwayi woti apatsire mwana wake pobereka kapena poyamwitsa umachepa zedi. N'chifukwa chake ntchito ya Zvandiri inakhazikitsanso gulu la amayi achitsikana olangiza anzawo oyembekezera.

Phunziroli likugwirizana ndi zimene zinapezeka kwina. Kafukufuku wa Regai Dzive Shiri, amene anachitika m'midzi ya m'Zimbabwe ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anasonyeza kuti maphunziro a zaumoyo anawonjezera chidziwitso cha achinyamata, koma sanachepetse chiwerengero cha otenga kachilombo ka HIV. M'chigawo cha Manicaland, akatswiri analipirira atsikana amasiye sukulu, yunifolomu ndi zina zofunika, ndipo mu 2011 analengeza kuti kusiya sukulu kunatsika ndi 82 peresenti, kukwatiwa ndi 63 peresenti. Ku Zomba kwathu, kafukufuku wa Sarah Baird ndi anzake anapeza kuti kandalama kochepa kopatsidwa kwa atsikana ndi makolo awo mwezi ndi mwezi kanachepetsa maukwati ndi mimba, komanso kutenga kachilombo pakati pa atsikana a pasukulu. Zonsezi zikuloza kumodzi. Uthenga paokha sukwanira. Mtsikana amafuna sukulu yomusunga, chakudya pakhomo, ndi munthu womuyendera.

Tsimba ndi nhanga

M'makomboni a machona chinamwali sichinafe. Mtsikana akatha msinkhu amaperekedwa kwa anamkungwi, amalowa m'tsimba, ndipo amalangizidwa za ukhondo, ulemu ndi za m'banja. Anthu ena a m'mabungwe amauona mwambowu ngati gwero la mimba za ana, ndipo eni mwambo amamva kuwawa akamanyozedwa ndi anthu amene akhala akuwatcha mabwidi kwa zaka zambiri. Mkangano wotere suthandiza mtsikana.

Kafukufuku wa ku Malawi angaunikire pamenepa. M'chaka cha 2007 Alister Munthali ndi Eliya Zulu anasindikiza zimene anapeza atafufuza za miyambo ya chinamwali pakati pa achinyamata a zaka 12 mpaka 19. Anaona kuti miyamboyi imaphunzitsa zabwino zambiri, koma m'madera ena malangizo ake amalimbikitsa ana kuyesa zogonana akangotuluka. Vuto tsono lili pa zimene zikunenedwa m'tsimbamo ndi msinkhu wa amene akuuzidwa. Kale mwambo wathu unkasiyanitsa malangizo a namwali wongotha msinkhu, a mkwatibwi, ndi a chisamba cha mayi wa mimba yoyamba. Malangizo a mkwatibwi akaperekedwa kwa mwana wa zaka 12, mwambo womwewo waphwanyidwa. Anamkungwi amadziwa kusiyana kumeneku kuposa mlendo aliyense, ndipo ndi iwo amene ali ndi mphamvu yokubwezeretsa.

Ashona a m'derali ayamba kale kuchita zofanana ndi mwambo wawo. Bungwe la Rozaria Memorial Trust, limene anayambitsa mayi Nyaradzayi Gumbonzvanda ndipo limagwira ntchito ku Murewa ndi ku Shamva, linatsitsimutsa nhanga, nyumba imene atsikana ankagonamo ndi kulangizidwiramo, yofanana ndi kuka kwathu. M'nhanga ya masiku ano atsikana amakambirana za matupi awo, sukulu ndi malamulo owateteza. Mafumu a m'bomali, monga Mfumu Bushu, aimanso poyera kukana maukwati a ana, monga momwe Inkosi Theresa Kachindamoto anachitira ku Dedza pothetsa maukwati otere ndi kubwezera ana kusukulu. Koma mfumu imalamula mudzi, ndipo komboni ilibe mfumu yotere. Kumeneko mawu omveka ndi a anamkungwi, akuluakulu a dambwe, mashehe ndi akulu a mpingo. Ntchito iliyonse yofuna kufika kwa mtsikana wa pa komboni iyenera kugogoda pa makomo amenewa, ndipo igogode m'chilankhulo cha eni nyumba. Mafunso a kafukufuku wamkulu wa mu 2015 anamasuliridwa m'Chishona ndi m'Chindebele. Mtsikana wa pa komboni angayankhe m'Chishona bwinobwino, koma agogo amene amamulangiza amaganiza ndi kuphunzitsa m'Chichewa kapena m'Chiyao.

Lamulo lafika, njira ikadali yaitali

Pa malamulo, Zimbabwe yayenda mtunda. Mu Januwale 2016 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula, pa mlandu umene anabweretsa amayi awiri amene anakwatiwa ali ana, Loveness Mudzuru ndi Ruvimbo Tsopodzi, kuti palibe munthu wosakwana zaka 18 wololedwa kulowa m'banja. Lamulo la maphunziro la mu 2020 linaletsa kuchotsa mwana pasukulu chifukwa cha mimba. Lamulo latsopano la maukwati la mu 2022 linaika chilango kwa okwatitsa ana, ndipo mu 2024 zaka zovomerezeka kugonana zinakwezedwa kuchoka pa 16 kufika pa 18. Malawi nayo inakhazikitsa zaka 18 m'lamulo la maukwati la mu 2015 ndi m'malamulo aakulu a dziko mu 2017.

Komatu lamulo limateteza munthu amene boma likumudziwa. Kuti khoti litsimikize kuti wokwatiwayo ndi mwana, pamafunika umboni wa zaka zake, ndipo mtsikana wopanda kalata ya kubadwa alibe umboni wogwirika msanga. Kuti mayi wachitsikana abwerere m'kalasi, pamafunika womulerera mwana, ndalama ya fizi, ndi aphunzitsi osamusandutsa chitsanzo cha uchitsiru pamaso pa anzake. Zinthu zimenezi sizilembedwa m'nyumba ya malamulo. Zimachitika pa ofesi yolembetsa ana obadwa, pa benchi la sikelo, ndi pa khonde la agogo.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ana a ku Shamva si a mnzathu chabe. Ndi magazi a amuna amene anachoka m'midzi yathu ndi kamtolo pamutu, nakumba golide amene sanamuvalepo. Mipingo ndi mizikiti ya ku Malawi ili ndi nthambi zake m'makomboni amenewa, akatswiri athu a kafukufuku amakumana ndi anzawo a ku Harare ndi Bindura m'misonkhano, ndipo mabuku a uchembere wabwino olembedwa m'Chichewa ali mbwee m'maofesi a ku Lilongwe. Kuwaolotsa Zambezi ndi ulendo wa tsiku limodzi pa basi, pamene makolo aja anauyenda kwa masabata ndi mapazi.